Tsamba la Lachinayi

Chaka cha 1997, mvula itangosiya, kumadzulo kunatuluka nyenyezi ya mchira. Inkaoneka dzuwa likangolowa, pamwamba pang'ono pa mitengo, ndipo ola lisanathe nayonso inkalowa. Anthu a kwa Kapichila anaiyang'ana masiku awiri atatu, ena nati ikulosera njala, ena nati maliro a munthu wamkulu, kenako anabwerera kokumba mtedza. Amene sanatope nayo anali awiri okha: Cornelius Mbewe, mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Chipata, ndi Evelina Zgambo, mtsikana wa kutsidya kwa dambo amene Cornelius ankafuna kumukwatira.

Nkhani yawo sinali yobisa. Thenga, munthu woyenda pakati pa mabanja awiri, anali atafika kale kwa a Zgambo, ndipo kawotchi kamene Evelina ankavala padzanja kanali chikole. Koma m'nyumbamo amene anavomera ndi mtima wonse anali bambo ake okha, nawonso odwaladwala chifuwa. Mayi ake, NyaMtonga, anangoti tione. Mlongo wake Danwell ndiye anakana poyera, amvekere mwamuna wongoyang'ana kumwamba adzapunthwa ndi mkazi yemwe.

Telesikopu yake yoonera nyenyezi Cornelius anaipeza m'kabati ya pasukulu, pamene anaisiya mphunzitsi wina wachizungu pobwerera kwawo. Inali yaitali ngati munsi, ya miyendo itatu, ndipo anthu ankangoitcha chipaipi cha aticha. Madzulo alionse ankaiimika pabwalo la mpira n'kujambula mutu wa nyenyezi ija m'buku lachikuto chakuda, loti akalitumize kwa gulu la openda nyenyezi ku Joni. Ntchitoyo inali ya anthu awiri. Diso likazolowera galasi silifuna kusokonezedwa, choncho iye ankajambula osatembenuka, Evelina ali pakampando pambali pake, atagwira tochi yokutidwa ndi kansalu kofiira, akuwerenga wotchi ndi kulemba chilichonse chimene mwamunayo wanena. Ena amafunsirana pachitsime, ena kutchalitchi. Awa chikondi chawo chinakulira pamenepo, phewa ndi phewa, wina akunena wina akulemba.

Lachitatu lija anali madzulo achisanu ndi chitatu chiyambire kuwerenga kwawo.

"Lemba," anatero Cornelius, diso lili pagalasi. "Eyitini fifitini. Mizele itatu yokhota, wachinayi uoneka pang'ono. Kalilime kali kumanzele."

"Dzulo kanali pamwambako," anatero Evelina uku akulemba.

"Ndiye kuti njele izungulila. Sininakuuze?"

Njereyo ndiyo inamudya mutu Cornelius. Ankati choyera chimene anthu amaona si nyenyezi yeniyeni ayi, ndi fumbi ndi nthunzi chabe. M'kati mwake mwabisala chibuma cha dothi ndi madzi oundana, chachikulu makilomita mwina makumi anayi, ndipo palibe diso limene lachionapo. Dzuwa likachiwotcha, chimalavula nthunzi mbali imodzi. Nthunziyo ndiyo Evelina anaipatsa dzina loti kalilime. Chibumacho pozungulira, kalilime kamasiya mizere yokhota ngati ya anyezi wodula pakati.

"Koma iwe," anatero Evelina momuseka, "munthu ungapime bwanji chinthu chamene sunachionepo?"

"Upenya vamene chitaya kunja. Vimakuuza vamene vili mkati." Anasuntha pensulo pang'ono. "Mawa ndiye tsiku, Evelina. Ngati masamu anga ni abwino, mawa kalilime kazabwelela pamene tinakapeza tsiku loyamba. Tikaona ivo, taziwa liwilo la njele. Tikaphonya mawa, vonse ivi vapita m'madzi."

"Sitizaphonya," anatero Evelina. Bambo ake m'mawa umenewo anali atamwa phala n'kumuuza okha kuti apite, asachedwetse aphunzitsi. Mtima wake unali m'malo.

Kumbuyo kwawo kunamveka nsapato za gogoda zikulimbana ndi udzu. Anali Dorcas Chanda, wotayipa makalata mu ofesi ya pasukulupo. Sukulu inali patchuthi, aphunzitsi ambiri atapita kwawo, koma Dorcas, amene tsiku lililonse ankadandaula kuti wasowa Lusaka, chaka chimenecho anapeza chifukwa chotsalira. Anati ahedi amusiyira makiyi.

"Aticha, simulema?" anafunsa ndi kamawu kothira shuga. "Naiwe Eve, kwanja sikubaba na kulemba? Ukalema unikambile, kulemba ndiye nchito yanga ine."

"Mlembi nili naye kale," anayankha Cornelius, osachotsa diso pagalasi.

Evelina anawerama kuti asaonetse mano. Anamva kukoma mpaka kuphazi. Anali atangoyamba mzere wina, "Eyitini twente-faifi, kalilime," pamene njinga inatulukira pabwalo paja ikuthamanga, osaliza belu. Danwell anatsika njingayo isanaime bwino.

"Evelina, tiye kunyumba. Adada atisiya."

Cholembera chinagwera mu udzu.

"Anakuitana kawili," anatero Danwell, maso ali pa chipaipi chija. "Kachitatu mawu sanatuluke."

* * *

Pamaliro munthu wofuna mkazi amayang'anidwa kuposa bokosi. Cornelius ankadziwa zimenezo. Anafika madzulo omwewo, ndipo Lachinayi m'mawa anavula jekete n'kugwira nkhwangwa. Anawaza nkhuni mpaka m'manja munatuluka matuza, anakwera ngolo kukatunga madzi, ananyamula mabenchi a kutchalitchi pamutu. Akuluakulu okhala pansi pa mtengo wa mango anayamba kugwedeza mitu, amvekere kani aphunzitsiwa manja ali nawo.

Evelina zonsezi ankangozimvera kwa azimayi olowa ndi kutuluka. Iye anali m'nyumba, pamphasa, pafupi ndi mayi ake, mawu atatha ndi kulira. Chimene chinkamupweteka sichinali imfa yokha. Bambo ake anamuitana kawiri, iye ali kutsidya kwa dambo akuwerenga mizere ya nyenyezi. Palibe anamunena, koma iye mwini ankadzinena mpweya uliwonse.

Masana kunabwera Dorcas atavala zakuda zosita bwino. Anagwada, analira pang'ono mosamala, kenako anamufumbatitsa Evelina kakhadi, monga amachitira a m'tauni. Evelina anakatsegula chifukwa chosowa chochita ndi manja. Munali mawu opepesa a inki yobiriwira, zilembo zake zopendekera chammbuyo ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Anakalowetsa pansi pa mphasa. Dzuwa lisanapendeke Dorcas anali atatsanzika.

Chakumadzulo Evelina anatuluka kuseri kukasamba kumaso. Sanafune kuyang'ana kumwamba, koma maso samva. Nyenyezi ija inali pomwepo, pamwamba pa nkhokwe ya bambo ake, mchira uli tambalale, yosadziwa kanthu. Anaida ndi mtima wake wonse. Dzanja linadzitembenuza lokha mwachizolowezi, ndipo wotchi inati eyitini fifitini.

Kenako anayang'ana kumene kunakhala azibambo. Pachipika pamene Cornelius anakhala masana onse panalibe munthu. Njinga yake, imene inatsamira pamtengo wa mango, panalibenso. Evelina potembenuka anapeza kuti si iye yekha amene waona. Danwell anali chiimire pafupi ndi moto, maso ali pamtengo womwewo.

Cornelius anabwera mdima utagwira, nyali ziwiri zopopa zikulendewera pa handulo.

"Ninaona kuti palafini wa makoloboyi sazakwanila," anauza akuluakulu. "Ninathamangila kusukulu."

Nyalizo zitayaka, bwalo lonse linawala, oimba anayamba kuona mabuku awo, ndipo anthu anamuthokoza. Evelina anapuma. Anadzichitira manyazi kuti anamuganizira zoipa munthu pamaliro a bambo ake. Danwell yekha ndiye sanathokoze.

* * *

Maliro anaikidwa Lachisanu. Loweruka m'mawa, abale atameta ndipo ambiri atayamba kubalalika, Danwell anamuitanira Evelina kuseri kwa nyumba. NyaMtonga anali pamphasa, mutu uli mbee, akuoneka wochepa kuposa kale.

"Vula wotchi iyo," anatero Danwell, osazungulira. "Thenga abwele aitenge."

"Adumbu, adada sanathe na masiku awili m'manda."

"Ndiye chifukwa chake nikamba manje. Adada anali na mtima wofewa. Uja munthu anathawa pa malilo kukapenya nyenyezi yake, thupi la adada lili m'nyumba."

"Anapita kukatenga nyali! Munaziona mweka."

"Kusukulu na njinga ni patali bwanji? Kupita na kubwela, hafu awa. Iye anachoka dzuwa likalipo, anabwela mdima. Ola na hafu, Evelina. Nyali zinathawa, anali kuzipilikitsa?"

Evelina sanafune kugonja. Danwell anapitiriza, mawu akukwera.

"Penya a Kenan a kwa Chikomeni. Munthu alibe na ubale na ise, koma anabwela na ngolo ya nkhuni, anasiya fodya wake mu shedi, sanasunthe. Uyo ndiye munthu. Osati wako uyu wamene mtima wake uli kumwamba."

Dzina la Kenan silinali lachilendo m'nyumbamo. Anali mlimi wa fodya, mnzake wa Danwell, wamasiye wa ana awiri, amene chaka chatha anafunsira Evelina n'kukanidwa mwaulemu. Evelina atangolimva, magazi anamuthamangira kumutu, ndipo ndi ukali womwewo anapeza chonena.

"Amama, pulikani. Ija nchito munthu sangaichite yekha. Iye apenya na kujambula, wina agwila tochi, awelenga wotchi, alemba. Popanda mlembi palibe chamene angachite, amakamba yekha masiku onse. Mlembi wake ndine, ndipo ine ninali pano, pamphasa iyi, na imwe. Wotchi nayo iyi, sinachoke pa dzanja langa. Manje anapenya bwanji?"

Anayankhula motsimikiza, pakuti iye mwini anakhulupirira.

NyaMtonga anasisita mphasa ndi chala. Sanali mayi wa mawu ambiri, ndipo ana ake ankaopa kukhala chete kwake kuposa ndodo.

"Mwana wane," anatero potsiriza, "unaniuza kuti mu buku lija tsiku lililonse lili na tsamba lake."

"Inde, amama."

"Ine Chizungu nkhuchimanya yayi, sinichidziwa. Kweni pepala loyela nilidziwa. Kanitengele buku. Ngati pambuyo pa tsiku lamene adada ako anatisiya pali poyela, uja ni mwana wanga, ndipo Danwell azakhala chete. Nizaimilila ine pamalo pa adada ako." Anakweza maso, ofiira ndi kulira. "Kweni ngati palembedwa, usanivutitse. Munthu wamene angasiye thupi m'nyumba chifukwa cha nyenyezi, tsiku lamene uzadwala iwe azakusiya na kapu ya madzi pambali."

"Nizabweletsa lelo lomwe," anatero Evelina.

"Nizakupeleka ine," anatero Danwell. "Wamalilo sayenda yekha."

* * *

Anafika pasukulu dzuwa litapendeka. Danwell anaima ndi njinga pachipata cha nyumba za aphunzitsi, nati iye m'nyumba ya munthu ameneyo salowa. Evelina anayenda yekha kanjira ka pakati pa maluwa ouma, duku lakuda lili kumutu.

Cornelius anatsegula chitseko n'kudzidzimuka. Anali ndi ndevu za masiku atatu, m'manja muli mabala a nkhwangwa. Evelina atawaona mabalawo mtima unamusungunuka, ndipo akanakhala kuti si wamaliro akanawagwira.

"Evelina! Lowa. Wabwela na ndani? Amama ali bwanji?"

"Nabwela na adumbu, ali pa geti. Sinikhalitsa. Nipatse buku."

"Buku?"

"Amama afuna kuliona." Anamufotokozera zonse mwachidule, mpaka anamwetulira pang'ono kumapeto, koyamba chimwalirire bambo ake. "Waona? Chamene adumbu amanyoza ndiye chizatipulumutsa. Amama akaona poyela, nkhani yatha."

Cornelius sanamwetulire. Anakanda kumutu, anayang'ana telesikopu imene inaima pakona itafunditsidwa chitenje, anayang'ana pansi.

"Khala pansi poyamba," anatero. "Nikupangile tiyi."

"Sinifuna tiyi. Buku lili kuti?"

Linali patebulo pomwepo, pansi pa nyuzipepala. Evelina analiona yekha n'kulitenga. Mwamunayo anatambasula dzanja ngati alilande, koma dzanjalo linaima m'malere.

Anatsegula kuyambira kumayambiriro. Tsamba lililonse analidziwa ngati chikhatho chake: deti pamwamba, kumanzere chithunzi cha pensulo, kumanja zilembo zake za inki yabuluu, pansi dzina la mlembi, E. Zgambo, chifukwa a ku Joni ankafuna kudziwa amene walemba. Anafika pa Lachitatu. Mzere wotsiriza unathera panjira, pa mawu oti kalilime, ndipo kuchokera pamenepo inki inangokwalula pepala kutsika pansi. Apo ndi pamene Danwell anafika. Evelina anatembenuza tsambalo.

Tsamba la Lachinayi linali lodzaza mpaka m'mphepete.

Chithunzi chake chinali chokongola kuposa zonse za m'bukumo. Mizere inayi yokhota, yooneka bwino, ndipo kalilime kali pamalo pomwe kanali tsiku loyamba. Pansi pake Cornelius analemba ndi pensulo kuti njere imazungulira kamodzi pa maola khumi ndi limodzi ndi mphindi makumi awiri, nadula mizere iwiri kunsi kwake. Kumanja kunali inki yobiriwira, zilembo zopendekera chammbuyo. Evelina sanafunike kuwerenga dzina la mlembi, koma analiwerengabe. D. Chanda.

Kunja nkhuku inali kupalasa masamba.

"Evelina, leka nikufotokozele."

"Fotokoza."

"Va nyali ni voona. Ninabwelela nyali, Mulungu aziwa. Koma makiyi a ku sitolo ya sukulu anali na Dorcas. Pamene anali kusegula, ninapenya kumwamba, kunali koyela, kopanda na kamtambo kamodzi. Iye ndiye anakamba ati aticha, si lelo tsiku lanu lija? Ninati mphindi teni chabe. Sininaganize, Evelina. Ninangoti mphindi teni."

Evelina anatsitsa chala pa inki yobiriwira ija.

"Eyitini teni," anawerenga. Chala chinatsika mpaka pansi. "Eyitini fote-faifi. Unaniphunzitsa wekha kuti mu buku sitilemba boza."

"Nalakwa."

"Anakhala pa kampando kanga?"

Evelina sanadikire yankho.

"Tochi anagwila iye? Na kansalu kanga?"

"Palibe chinachitika pakati pa ine na Dorcas. Nilumbila. Analemba chabe."

"Analemba chabe," anabwereza Evelina, ndipo anaseka kaphwete koipa kamene kanathera m'misozi. Kodi iye ndi Cornelius chinachitika n'chiyani pabwalo paja masiku onsewa, kupatula kulemba chabe? Iye ankayesa kuti malo aja pambali pa phewa lake ndi a iye yekha, ngati mmene mkazi amadziwira mbali yake ya mphasa. Kani anali malo a aliyense wodziwa kuwerenga wotchi. Nsanje inamuwotcha, koma manyazi ndiwo anaposa, pokumbukira mmene anaimira pamaso pa mayi ake m'mawa womwewo n'kulumbira kuti mlembi ndi iye.

Kunja belu la njinga linalira kawiri.

Tinene zoona, Evelina ankamukondabe munthuyu. Anayang'ana ndevu zija, mabala aja, maso aja odzaza mantha, ndipo anaganiza za Kenan ndi mashedi ake a fodya, ndi zaka zonse zimene zikanatsatira. Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Chimene ananena pambuyo pake sanachiganizirepo chibadwire, kuti iye, mwana wa a Zgambo, angakanamize mayi ake ali pamphasa ya maliro.

"Ng'amba," anatero, akumupatsa bukulo.

"Ati bwanji?"

"Ng'amba ili tsamba. Uchotse na linzake la kumbuyo kuti pa ulusi pasaoneke. Pambuyo pa Lachitatu pazakhala poyela. Nizapeleka kwa amama, nizawapenya m'maso, nizakamba kuti onani. Chimo lizakhala langa. Va Dorcas nizameza, sinizakufunsanso mpaka kufa. Koma ng'amba manje, pamaso panga, na manja ako."

Cornelius analandira bukulo. Anagwira tsambalo pakona ndi zala ziwiri. Evelina mumtima anati ng'amba, mwamuna wanga, ng'amba tizipita. Pepala linalira pang'ono pamwamba, kang'ambidwe kosakwana chikhadabo. Kenako zala zinaima. Maso ake anali pa mizere inayi ija.

"Leka nikopele poyamba pa pepala lina," anatero motsitsa mawu. "Mphindi faifi chabe. Nizabisa, palibe azaona. Evelina, mvetsa, ici sichizapezekanso. Iyi nyenyezi ikapita, izabwela pakapita zaka zopitilila tu sauzande."

"Izabwela," anatero Evelina. "Adada sazabwela."

Sanakuwe. Mawu anatuluka ozizira, mwini wake mpaka anawadabwa. Anatembenuza dzanja n'kuyamba kumasula kalamba ka wotchi. Kanavuta, chifukwa chiimangire tsiku la thenga anali asanaivulepo kupatula posamba. Itamasuka anaiika pa tsamba lomwelo, pamwamba pa inki yobiriwira.

"Mlembi wako azaifuna. Eyitini ili pafupi."

"Evelina, nang'amba! Ona, ning'amba manje!"

"Usavutike. Kopela bwinobwino, usaphonye mzele."

Anatuluka osatseka chitseko.

* * *

Dzuwa linali litafiira kumadzulo. Akuyenda kanjira kaja, Evelina anaona munthu akuchokera ku ofesi, kudutsa pabwalo la mpira mosafulumira. Anali Dorcas, lero atavala nsapato zafulati, cholembera chobiriwira atachisomeka m'tsitsi. M'manja ananyamula kampando.

Atamuona Evelina anaima, nakweza dzanja. "Pepa Eve, mwagona bwanji kumalilo? Khadi yanga unawelenga?"

"Ninawelenga," anayankha Evelina. "Ulemba bwino."

Kumbuyo Cornelius anamuitana dzina kamodzi, kenako kachiwiri. Evelina anatembenuka, pakuti iye anali atalumbira kuti sadzalolanso munthu kumuitana kawiri osayankha. Mwamunayo anali pakhomo, buku lili m'dzanja limodzi, wotchi m'dzanja linalo, nkhope itagwa. Akanathamanga, akanagwada mu fumbi lija pamaso pa Danwell, mwina mtima wa Evelina ukanabwerera. Ndipo anatsikadi sitepe imodzi. Koma potsikapo maso ake anathawira kumadzulo kamphindi kochepa, kuona ngati kuli mitambo. Mwina iye mwini sanadziwe n'komwe kuti wachita zimenezo. Evelina anaona.

Pachipata Danwell anali atakwera kale njinga, phazi limodzi lili pansi. Anayang'ana manja a mlongo wake, opanda buku. Anayang'ana padzanja lamanzere, pamene panatsala kamzere koyererako. Evelina anadikira kuti amuseke, amuuze kuti ndinanena ine. Zikanakhala bwino akanatero, akanapeza womukalipira. Koma Danwell anangovula jekete lake n'kuliyala pakaliyala.

"Kwela, mdumbu wane," anatero mofatsa.

Anatsetserekera kudambo. Mphepo ya mwezi wa Meyi inali itayamba kuluma, ndipo Evelina anagwira malaya a mlongo wake n'kulira mwakachetechete kumsana kwake. Atawoloka kamlatho ka mitengo, Danwell anatsokomola.

"Amama nizawauza ine, usavutike." Anapalasa kawiri katatu. "A Kenan akali kunyumba. Sanachokepo kuyambila pa Chitatu. Akamba ati sazapita kwao asanakambe na amama."

Kutsogolo kwawo, pamwamba pa mitengo ya kumudzi, nyenyezi ija inali itayamba kutuluka. Dzanja la Evelina linadzitembenuza lokha kuti aone nthawi, ndipo panalibe kanthu.